Mayadi Awiri Osowa

Ndinafika m'tauni yakwawo kwa Cordell Mabry Lachinayi m'mawa, sabata imene matimu akuluakulu a mpira uja wowakha ndi manja n'kuthamanga nawo amasankha osewera atsopano kuchokera m'makoleji. Ndinali nditayenda masiku awiri pagalimoto kuchokera kumpoto, msana ukuwawa, ndiye ndinaima pa kalesitilanti ka m'mphepete mwa msewu. Khofi sindinkamufuna kwenikweni. Ndinkangozengereza, chifukwa zimene ndinabwerera kudera lino la Mississippi zinali zondilemera.

M'katimo munali amuna atatu ovala majombo a ku madamu a milamba, akudya mazira ndi phala la chimanga. Pa kanema wa pakhoma anyamata a masuti, amene sanawakhepo mpira chibadwire, ankalosera za yemwe atengedwe koyamba tsikulo. M'tauni imeneyi nkhani ya mpira ikayamba sichedwa kufika pa Cordell.

"Ine ndinanena tsiku lomwelo," anatero mkulu wina wa ndevu zaimvi, amene anzake ankamutchula kuti Purvis. "Ndime yachiwiri, mwana wochokera pa kakoleji ka alimi? Anamutenga msanga. Akanamusiya mpaka ndime yachisanu, bwenzi pano akusewerabe."

"A Purvis, musatinamize m'mawa uno," anayankha mnzake wonenepa, akupaka batala pa sikono. "Tsiku limene anamutengalo munavina pamsewu mpaka chipewa chinagwera m'ngalande. Tinakuonani tonse."

"Ndinkavinira mayi ake, osati nzeru za timu ija."

Wachitatu analowererapo. "Nkhani si ya msanga kapena mochedwa ayi. Mwanayo liwiro anali nalo. Masekondi 4.38 pa mayadi makumi anayi si zocheza. Koma atangoona madola miyendo inalemera. Ulesi basi, tisamachite kuzungulira."

Mayi wothira khofi anaika ketulo pansi. "Iwe Dewey, ulesi ukuunena ndi iwe? Mwanayo ndimamuona m'mawa ndi madzulo pabwalo la sekondale, akuthamanga yekhayekha, kaya mvula kaya dzuwa. Iwe tikakuona ukuthamanga ndiye kuti wamva kuti nyama yapsa."

Anaseka onse, Dewey yemwe. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Nanga inu achikulire, mukuoneka kuti mwachokera kutali. Tiweruzeni. Mwana wathu anamutenga msanga, kapena anadzitaya yekha?"

"Za mpira sindidziwa," ndinatero. Ndinalipira n'kutuluka. Pa mabodza onse amene ndinanenapo za Cordell, limeneli linali laling'ono.

Dzina langa ndine Wendell Kopecky. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala ndikusakira osewera timu imodzi, yomweyo imene inatenga Cordell, ndipo amene anaiuza kuti imutenge ndi ine. Kusankhaku kumakhala ndi ndime zisanu ndi ziwiri. Wotengedwa kumapeto amalandira zochepa, koma amapatsidwa nthawi yophunzira, ndipo akalakwitsa palibe amene amaona. Wotengedwa koyambirira amalandira zambiri, n'kumulowetsa m'bwalo nthawi yomweyo dziko lonse likuyang'ana.

Zida za ntchito yathu n'zitatu: wotchi, kope ndi tepi yoyezera. Mnyamata aliyense timamuyeza liwiro pa mayadi makumi anayi. Akamaliza m'masekondi 4.6 ndi wosewera wabwino ngati anzake mazanamazana. Akamaliza pansi pa 4.4, mabwana amasiya chakudya patebulo. Kusiyana kwake sikufika ngakhale kuphethira kwa diso, koma anthu akuluakulu ndi imvi zawo amatukwanizana chifukwa cha zimenezi. Ndipo chinthu choyamba chimene amakuphunzitsa ukangoyamba ntchitoyi n'chakuti mtunda uziuyeza wekha. Usakhulupirire kochi, usakhulupirire wosamalira bwalo, ngakhale mayi ako okubereka akuuze kuti ndi mayadi makumi anayi, iwe tulutsa tepi. Ine ndemwe ndaphunzitsa zimenezi anyamata osawerengeka, ena ndikuwakalipira.

Zaka zinayi zapitazo, mwezi wa Malichi, ndinabwera kudzayeza Cordell pa koleji yake. Kunagwa mvula yamkuntho yoti mitengo inatseka misewu, anzanga a matimu ena anabwerera panjira, moti ndinafika ndekha. Bwalo linali dziwe. Anatilowetsa m'shedi yaitali yosungiramo mathirakitala, momwe mkulu wosamalira bwalo, a Lucius Pettway, anali atajambula kale mizere iwiri ya penti yoyera pa simenti, woyambira ndi womalizira. Tepi yanga ndinali nditaiiwala m'galimoto, ndipo galimoto inali kutsidya kwa madzi olekeza m'mawondo. Ndinayang'ana mvula, ndinayang'ana nsapato zanga zatsopano, ndinayang'ana mizere ija, ndipo ndinati zili bwino. Ndikunena mosabisa chifukwa palibe chifukwa china chimene ndingapereke. Ndinkasunga nsapato.

Cordell anathamanga kawiri. Koyamba 4.38, kachiwiri 4.40. Ndinayang'ana wotchi kawiri. Osaka osewera amafa osaona tsiku ngati limenelo: mwana wamtali, manja ngati a mnyamata wogwira milamba, wosadziwika ndi aliyense, ndipo nambala yake ili m'kope mwanga ndekha. Ndinamukokera pambali n'kumuuza kuti asathamangirenso munthu wina aliyense mpaka kusankha kutatha. Akamufunsa azinena kuti ntchafu ikukoka. Anamvera, chifukwa anali mwana womvera.

M'chipinda chosankhira, anzanga onse anati ndime yachisanu. Anati manja ali nawo, mutu ali nawo, koma akufunika zaka ziwiri zophunzira. Ine ndinamenya tebulo mpaka makapu anagwa. Ndinati matimu ena ayamba kununkhiza, tikadikira tilira. Bwana wathu Dressler anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa funso limodzi.

"Wendell, mtunda unayeza wekha?"

"Bwana, zaka zonsezi mungandifunse zimenezo?"

Anatenga lamya. Umu ndi mmene Cordell Mabry anatengedwera mu ndime yachiwiri.

Sabata yoyamba ya zokonzekera, mwezi wa Julayi, anamuyeza ndi makina: 4.61, 4.59, 4.63. Ndinali chiimire m'mbali mwa bwalo. Sindinganene kuti ndinangokayikira. Ndinadziwa. Munthu sataya liwiro lotere m'miyezi inayi ali wamoyo ndi miyendo iwiri. Koma Dressler atandifunsa, ndinapukusa mutu ngati wodabwa nawo n'kunena kuti mwina ndalama zamusokoneza mwanayo. Mawu amenewo anachoka pakamwa panga n'kufika kwa makochi, kuchoka apo m'manyuzipepala, mpaka pa kalesitilanti kaja, pakamwa pa Dewey. Makochi anamuika pamalo a munthu waliwiro, kuti azipitirira adani n'kukawakha mpira patali, ndipo sankawapitirira. Anthu zikwi makumi asanu ndi limodzi ankamukuwiza pabwalo lake lomwe. Chaka chachitatu chisanathe anamuchotsa.

Ine ndinapitiriza ntchito. Ndinkagona bwino ndithu, ndisakunamizeni. Munthu amazolowera.

Chimene chinandidzutsa ndi lamya ya mwezi wathawu. Anali Cordell, mawu ake aulemu ngati kale. Anati wafika pa 4.55, watsala pang'ono. Anati sukulu ya sekondale inamupempha kuti akhale kochi ndi mphunzitsi, koma wakana kawiri, chifukwa akalowa ntchito imeneyo sabwereranso. Anati bondo likutupa koma sizikudetsa nkhawa. "Ndinu nokha amene munandiona ndikuchita, Bambo Kopecky. Mudzabwere mudzandigwirire wotchi. Ena onse sakhulupirira." Ine ndipuma pa ntchito mwezi wa Juni, ndipo timu yakonza phwando, ati adzalemba dzina langa pa chitseko cha chipinda cha osaka osewera. Patapita masabata angapo ndinamuimbira n'kumuuza tsiku limene ndidzafike.

Kuchoka pa lesitilanti ndinapita ku koleji. A Pettway ndinawapeza akuthira mafuta m'makina ometera udzu, atakalamba kuposa mmene ndinawasiyira. Anandizindikira nthawi yomweyo.

"Si inu a wotchi aja? Mwabwera kudzationera wina?"

"Ndabwera kudzayeza shedi yanu, akulu. Mungandigwirireko tepi?"

Anandiyang'ana modabwa koma sanafunse. Tinasuntha ngolo imodzi ndi matumba a feteleza. Mizere ija inalipobe, penti itafwifwa, matayala a mathirakitala ataipondaponda. Iwo anagwada pa mzere woyambira n'kupanikiza nsonga ya tepi ndi chala, ine ndinayenda chafutambuyo ndikutambasula. Nditafika pa mzere womalizira ndinawerenga. Ndinawerenganso. Mayadi makumi atatu ndi asanu ndi atatu.

"Akwana?" anafuula kuchokera uko.

"Asowa awiri."

Anadzuka pang'onopang'ono, akugwira bondo, n'kubwera kudzaona okha. Kenako anatembenuka kuyang'ana khoma la kumbuyo kwa mzere woyambira. Pakhomapo, cha pansi, panali msomali wadzimbiri.

"Ndinali ndekha tsiku lija," anatero chapansipansi. "Panalibe wondigwirira. Ndinakola tepi pa msomali uwo n'kuyeza makumi anayi. Kenako ndinaona kuti mwana sangayambire pakhoma, akufunika malo oponda, ndiye mzere woyambira ndinausendeza kutsogolo. Womalizira sindinausunthe." Anakhala pansi pa thumba la feteleza n'kuvula chipewa. "Ambuye. Ndiye kuti mwana uja ndamupha ndine."

"Ayi, akulu. Inu ntchito yanu ndi udzu. Kuyeza kunali kwanga."

"Koma anthu amunena zaka zonsezi. Ine ndemwe ndinamunenapo."

Ndinawasiya ali pomwepo. Ndinalibe chowatonthoza nacho, ndipo kunena zoona, kwa kanthawi kochepa ndinaganiza kuti nkhaniyi ikhoza kukoma ndikaifotokoza ngati kulakwa kwa nkhalamba yosaona bwino. Ganizo limenelo linandichititsa manyazi kuposa nsapato zija.

Cordell ndinamupeza madzulo cha m'ma folo koloko pabwalo la sekondale, ataweruka ku madamu a amalume ake. Anali yekha. Bondo lakumanzere analikulunga ndi bandeji, ndipo m'mbali munali kachikwama ka madzi oundana. Pa udzu anali ataika timbendera tiwiri, pakati pake tepi yachikasu itatambasulidwa mpaka kumapeto. Iye mtunda wake ankauyeza tsiku lililonse.

Atandiona anathamangira kudzandikumbatira, thukuta lake likunyowetsa malaya anga.

"Bambo Kopecky, mwabweradi. Amayi sanakhulupirire. Lero mwendo ukumveka bwino, wotchi mwatenga?"

"Khala pansi kaye, Cordell."

"Ndikakhala thupi lizizira. Tiyeni kamodzi kokha, tikambirana pambuyo."

"Khala pansi."

Tinakhala pa benchi ya osewera. Mawu onse amene ndinakonza masiku awiri pamsewu anathawa, ndiye ndinangonena mmene zinalili. Ndinati ndachokera ku shedi. Ndinati mtunda umene anathamanga tsiku lija unali mayadi makumi atatu ndi asanu ndi atatu, ndipo sindinauyeze ngakhale inali ntchito yanga. Ndinati 4.38 sinakhalepo.

Anaseka pang'ono, ngati munthu amene wamva nthabwala yosakoma ya mkulu amene amamulemekeza. Nditapanda kuseka nawo, anayang'ana timbendera tija. Milomo yake inkayenda. Ankachita masamu, ndipo masamu ake anali olondola, chifukwa nambala zimenezi ankagona nazo.

"Mayadi awiri," anatero. "Ndiye kuti 4.6."

"Cha pamenepo."

"Ngati mmene makina ankanenera."

"Eya."

"Ndiye sindinataye kanthu."

"Sunataye kanthu. Ndipo 4.55 imene wafikayo, ndi bondo lotupa, ndiye kuti pano ukuthamanga kuposa mmene unathamangirapo moyo wako wonse."

Ndinaganiza kuti mawu amenewa amupepuza mtima. Ndine chitsiru chokalamba. Anawerama n'kuyamba kumasula bandeji, kuipinda bwinobwino pa ntchafu, ngati chinthu chofunika kusamala.

"Mukudziwa kuti tsiku lija ndimalilota?" anatero. "Fungo la dizilo, mvula padenga, inu mukuyang'ana wotchi kawiri. Ndikafooka ndimadziuza kuti munthu ameneyo ndi ine, ali m'kati muno, ndinangomusokoneza penapake. Ndinasiya buledi, ndinasiya shuga. Mtsikana wanga ndinamusiya chifukwa makochi anati mutu wanga uli pa zinthu zambiri. Ndakhala ndikupepesa kwa aliyense, Bambo Kopecky. Kwa amayi, kwa abusa, kwa ana a pasukulu pano. Kupepesa chinthu chimene sindinachite."

"Ndikudziwa."

"Kukanakhala kuti munayeza, akananditenga liti?"

"Ndime yachisanu. Mwina yachinayi, chifukwa cha manja akowo. Akanakuika pamalo owakha mpira pafupi, pomwe pamafunika manja ndi mutu, n'kukupatsa zaka ziwiri. Anthu ngati amenewo amasewera zaka zisanu ndi zitatu, ena khumi. Sindingalumbire, koma ndi mmene ndikuonera."

Anagwedeza mutu. Kutsidya kwa mpanda kunadutsa lole ya milamba, madzi akudontha pamsewu. Ndinayamba kumuuza kuti ndiimbira Dressler, ndilembera manyuzipepala, phwando langa alisiye. Anandidula ndi dzanja.

"Munadziwa liti?"

Ndikanatha kunena kuti lero, m'shedi, ndi tepi m'manja. Sakanakhala ndi njira yodziwira. Koma ndinali nditatopa.

"Sabata yoyamba ya zokonzekera. Chaka choyamba."

Anandiyang'ana koyamba chiyambire kukamba. M'maso mwake munalibe ukali, ndipo ndikanakonda ukanakhalamo.

"Chaka chachiwiri anandiitana m'chipinda cha makochi cham'mwamba chija," anatero. "Kochi wamkulu anaika kanema n'kunena pamaso pa anthu asanu ndi awiri kuti ndine waulesi, ndikudya ndalama za timu. Inu munalimo."

"Ndinalimo."

"Munakhala pafupi ndi zenera. Ndinkakuyang'anani, chifukwa ndinkachita manyazi ndi inu kuposa onsewo. Ndinkati ndamuchititsa manyazi munthu amene anaika dzina lake pa ine. Potuluka munandigwira paphewa."

"Ndikukumbukira."

"Munati, limbikira mwana wanga, ndikudziwa kuti zilimo."



Anadzuka, anapita kukazula timbendera tija, n'kupinda tepi yake mosafulumira mpaka inathera m'chikho chake. Anabwerera n'kuima patsogolo panga, wamtali, akutsimphina pang'ono tsopano popeza panalibenso womubisira.

"A Dressler ndi manyuzipepala ndi zanu zimenezo, muchite mmene mukufunira," anatero. "Ine ndikupempha chimodzi. Amayi ali kunyumba, msewu wachitatu kuchokera pa tchalitchi, nyumba yobiriwira. Chiyambire kumva kuti mukubwera akhala akuphika. Iwo amakhulupirira kuti anandilera molakwika penapake, kuti anandisasatitsa bambo atamwalira. Mukawauze zimene mwandiuzazi. Zonse, ndi za zenera zomwe."

"Tipite limodzi."

"Ayi. Ine sindikufuna kuona nkhope yawo."

Ananyamula chikwama chake n'kulowera cha kumadamu, osacheuka.

Nyumba yobiriwira sinavute kupeza. Ndinaimika galimoto n'kukhala m'menemo mphindi zingapo, manja ali pa chiwongolero. Ndakhalapo m'nyumba zambiri za makolo a osewera, ndanenapo nkhani zoipa zambiri, za mawondo othyoka ndi maina osatchulidwa pa tsiku losankha, koma nthawi zonse wolakwa ankakhala wina. Ndinatsika, ndinakwera masitepe atatu a pakhonde, ndipo ndisanagogode chitseko chinatseguka.

Mayi Mabry anali aafupi, a magalasi, atavala diresi la kutchalitchi ndi epuloni pamwamba pake. M'nyumba munkatuluka fungo la mlamba wokazinga ndi mbatata zophika ndi shuga. Anagwira dzanja langa ndi manja awo onse awiri.

"Bambo Kopecky, Mulungu akudalitseni. Lowani, lowani. Anthu onse atamutaya mwana wanga, inu nokha simunasinthe mawu. Ndimakutchulani m'pemphero tsiku lililonse." Anasuzumira kumbuyo kwanga, kumsewu. "Nanga Cordell mwamusiya kuti? Wathamanga bwanji lero?"

"Mayi," ndinatero, "chakudyacho musapakule kaye. Ndili ndi mawu, ndipo mukawamva mwina simufuna kuti ndidye m'nyumba mwanu."

Anamwetulirabe, osasiya dzanja langa, akudikira.